Mwafika ku UK mu Seputembala? Za hita, chuku ndi mabini ndalemba kamodzi basi

Chaka chilichonse ikangokwana Seputembala foni yanga siipuma. Ana asukulu afika, ena abwera ndi ntchito za care, ndiye mafunso ake ndi omwe aja. Achimwene bilu ya gasi yabwera yoopsa. Achimwene khoma lakuchipinda lada bii kuseri kwa bedi. Achimwene anthu amabini adutsa koma yanga aisiya, angomatapo kapepala. Ndatopa kujambula ma voice note a maminitsi khumi ndili mu basi yopita ku shifiti, nde ndalemba pano, wina akakufunsani mungomutumizira.

Autumn ndi nyengo imene masamba amasanduka ofiirira n'kumayoyoka, kuyambira Seputembala mpaka kumapeto a Novembala. Kumudzi miyezi imeneyi ndi imene timagona pamphasa pakhonde chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, kuno ndi pamene kuzizira kumayamba kukwawa. Musanamizike ndi kadzuwa ka masana. Taganizani chiperoni cha ku Thyolo chimene chakana kuchoka kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi mmene kulili. Zimene mungakonze mu Okutobala ndi zimene zidzakupulumutseni mu Januwale.

1. Pezani mita yanu ndipo muijambule lero lomwe

Musanagule ngakhale bulangeti, funsani landilodi kapena ejenti kuti mita ya magetsi ndi ya gasi zili pati. Nthawi zambiri zimakhala pansi pa masitepe, kapena panja m'kabokosi koyera kotsegula ndi kakiyi ka makona atatu. Jambulani manambala ndi foni tsiku limene mwalowa m'nyumba, mutumize ku kampani ya magetsi, apo ayi mudzalipira ngongole ya amene anatuluka. Mujambulenso kumapeto a Seputembala, chifukwa bungwe la Ofgem, loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, limasintha malire a mitengo pa 1 Okutobala, kenako Januwale, Epulo ndi Julaye, ndiye ngati simunatumize manambala kampani imangoyerekeza, ndipo kuyerekeza kwawo sikukomera inu kawirikawiri. Amene muli ndi smart meter izi zimadzichitikira zokha.

Yuniti ya kuno ndi kWh, yomweyo ya ESCOM, palibe chachilendo. Chachilendo ndi standing charge, kandalama kamene amadula tsiku ndi tsiku kaya mwayatsa kanthu kaya simunayatse. Amene muli ndi mita yothira ngati ya kwathu, ya kakiyi kapena kadi yokathiritsa ku shopu ya PayPoint, apa ndi pamene pamagwera anthu. Chilimwe chonse gasi simunathire poti kunali kofunda, kandalama kaja kakhala kakuunjikana, mukathira mapaundi 20 mu Okutobala mita n'kumeza theka lake musanayatse n'komwe. Sikuti akuberani, ndi ngongole ya masiku aja. Muziponyamo kochepa ngakhale kukutentha.

2. Dziwani chimene chimafunditsa nyumba yanu

Pali mitundu iwiri imene mungakumane nayo. Nyumba zambiri zili ndi boyila ya gasi, kabokosi koyera kukhitchini kapena m'kabati, imatenthetsa madzi n'kuwatumiza m'marediyeta, zitsulo zoyera zija zili m'makoma. Mafulati ena alibe gasi, ali ndi storage heater, chihita cholemera chokhala ndi njerwa m'kati, chimamwa magetsi usiku pamene ali otchipa pa mtengo umene amati Economy 7, n'kumatulutsa kutentha masana. Pamwamba pake pali tozungulitsa tiwiri, input ndi output. Input ndi kuchuluka kwa kutentha kumene ikusunga usiku, output ndi mmene ikutulutsira. Mukasiya output pamwamba usiku wonse, mukamabwera kuntchito madzulo mupeza njerwa zazizira kale. Pogona ndi potuluka ikani output pansi, mukweze mukabwera.

Chimene ndikupemphani musachite ndi kuthamangira ku shopu kukagula kahita kopulaga pakhoma poganiza kuti mukupulumutsa gasi. Kahita ka 2 kW kamadya mayunitsi awiri pa ola, ndipo yuniti ya magetsi kuno ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Ndaona anthu akuzimitsa boyila n'kuyatsa tihita titatu, chipinda chilichonse kake, kenako n'kumati dziko lino ndi lodula. Lodula inde koma apa mwadzidulitsira nokha.

3. Phunzirani kuyendetsa boyila, osangoti yatsa zimitsa

Apa ndichedwapo chifukwa ambiri amangokuuzani kuti valani juzi, zimitsani magetsi, basi. Juzi valani ndithu, ndi sokosi zomwe, zoyenda ndi kabudula m'nyumba mu Novembala zinatsala ku Nchalo. Koma ndalama yeniyeni ili pa zinthu zinayi izi, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Choyamba ndi thermostat, kaja kali pakhoma m'kolido kapena koyenda nako m'manja. Iko kamangouza boyila kuti nyumba ikafika pa nambala yakuti uime. Ikani pakati pa 18 ndi 21. A zaumoyo kuno amati chipinda chisatsike pansi pa 18 makamaka ngati muli ndi khanda, okalamba kapena wodwala chifuwa cha mphumu. Cholakwika chimene tonse tinachitapo ndi kulowa m'nyumba tikunjenjemera n'kupotokola mpaka 30 kuti ifunde msanga. Siifunda msanga ayi, liwiro lake ndi lomwelo, kungoti siidzaima, mudzadzuka pakati pausiku thukuta kamukamu n'kutsegula windo, ndalama n'kumatulukira pomwepo. Ndipo ngati thermostat yanu ndi yoyenda nayo musaisiye pawindo kapena pafupi ndi chitofu, imanamizika.

Chachiwiri ndi timer. Ikonzeni molingana ndi mashifiti anu, osati mmene anasiyira amene ankakhalamo kale. Iyake kwatsala theka la ola kuti mudzuke, izime musanatuluke, iyakenso madzulo. Amene mumagwira usiku mutembenuze. Ine chaka choyamba boyila inkayaka sikisi madzulo mpaka teni ine ndili kuntchito, ndimafunditsa mipando.

Chachitatu ndi timitu tozungulitsa tili m'mbali mwa rediyeta, tolembedwa 1 mpaka 5 ndi kachizindikiro konga nyenyezi. Nambala 3 ndi pafupifupi madigiri 20, yokwanira pabalaza. Kuchipinda chogona 2 imakwana. Chipinda chimene simugonamo musatsekeretu, ikani pa 1 kapena 2 n'kutseka chitseko, chifukwa chipinda chozizira kwambiri ndi kumene chinyezi chonse cha m'nyumba chimakathera, tifikako. Rediyeta ikamatentha pansi koma pamwamba zii, muli mpweya, gulani kakiyi ka rediyeta, n'kotchipa zedi, zimitsani hita izizire, potokolani pang'ono pakona yapamwamba mutagwirizira kansanza, mumva fyii, madzi akangoyamba kudontha tsekani. Mukatero yang'anani kawotchi ka pa boyila, muvi ukhale pakati pa 1 ndi 1.5 ikakhala yozizira. Ukatsika kwambiri uzani landilodi.

Chachinayi ndi chimene anthu ambiri ngakhale eni dziko sachidziwa. Pa boyila penipenipo pali batani kapena chozungulitsa chokhala ndi chithunzi cha rediyeta, chimenecho chimanena kuti madzi opita m'marediyeta atenthe bwanji. Ambiri amazisiya pa 70 kapena 80. Ngati boyila yanu ndi combi, kutanthauza kuti mulibe thanki ya madzi otentha m'kabati, madzi amatentha pompo mukatsegula mpopi, tsitsani pa 60. Marediyeta sakhala otentha mootcha dzanja, nyumba imatenga nthawi pang'ono kuti ifunde, koma boyila imadya gasi wochepa chifukwa pa kutentha kotsika imabwezanso kutentha kumene kukanathawira panja ndi nthunzi. Kukazizira koopsa mu Januwale mutha kukweza pang'ono. Koma ngati muli ndi thanki, musagwire musanafunse wodziwa, madzi a m'thanki ayenera kufika 60 kuopa tizilombo ta Legionella. Ndipo chivundikiro cha boyila musatsegule olo mutakhala kuti kwanu munali amisiri otchuka, lamulo limalola okhawo amene ali mu kaundula wa Gas Safe, ndipo landilodi ayenera kuiyezetsa chaka chilichonse n'kukupatsani pepala lake.

4. Chinyezi ndi chuku

Iyi ndi nkhani yomwe ija ya boyila, mbali yake ina. Ife tikamva kuti gasi ndi wodula timazimitsa hita, timatseka mawindo onse, ena mpaka kumata tepi pa timabowo tampweya, kenako timaphika nyemba maola atatu, kutakasa nsima, kusamba madzi otentha, kuyanika zovala pa rediyeta. Madzi onsewo akupita kuti? Kumudzi amatulukira pa mpata wa denga ndi pakhomo loti limakhala lotsegula tsiku lonse. Kuno nyumba ili ngati poto wovundikira. Nthunzi imafunafuna malo ozizira, pagalasi, pakona ya khoma lakunja, kuseri kwa wadiropu, ikafika imasanduka madzi, pakapita masabata angapo chuku chakuda chamera.

Ine ndinaphunzirira pa suti yanga ya ukwati. Ndinaisiya mu sutikesi, sutikesi nditaigunditsa kukhoma lakunja m'kachipinda kamene ndinatsekeratu rediyeta kuti ndisunge ndalama. Disembala ndikufuna kuvala kupita ku chinkhoswe, kutsegula chonchi, kolala yonse yachita mawanga obiriwira, nsapato zachikopa zamera ubweya, kafungo kake ngati m'nkhokwe yodontha. Madamu sanalankhule kanthu, anangoitenga ndi zala ziwiri.

Nde chitani izi. M'mawa uliwonse pukutani madzi a pawindo ndi kansanza, mukafinyire mu sinki. Tsegulani mawindo kwa maminitsi asanu kapena khumi, ayang'anizane kuti mphepo idutse, kenako tsekani, makoma amakhala akadali ofunda. Kusiya kawindo kotsegula pang'ono tsiku lonse hita ikuyaka ndiye kuononga. Pamwamba pa mawindo ambiri pali kampata kotsetsereka kotchedwa trickle vent, kasiyeni kotsegula. Pophika vundikirani poto, yatsani fani yapamwamba pa chitofu, tsekani chitseko cha khitchini, zithandizanso kuti fungo la usipa lisakapeze aneba. Kubafa chimodzimodzi, fani ipitirize kulira mukatuluka. Bedi, sofa ndi wadiropu zisiyane ndi khoma mpata wolowa dzanja. Zovala yanikani panja tsiku lililonse limene kuli kamphepo olo dzuwa kulibe, zikalephereka ikani pa choyanikira m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo pang'ono. Mukakhala ndi kandalama gulani dehumidifier, makina okoka madzi mu mpweya, amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi makina oumitsira zovala, ndipo tsiku loyamba mukadzaona madzi amene atuluka m'chipinda chanu mudzakhala pansi. Palinso kachipangizo kotchipa koyeza chinyezi, kakamaonetsa kupitirira 60 nthawi zonse ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Koma si chuku chonse chimene ndi vuto lanu. Ngati khoma lanyowa chifukwa denga likudontha, paipi yaphulika kapena fani yakubafa inafa kalekale, imeneyo ndi ntchito ya landilodi. Mulembereni, osangoimba foni, mutumize ndi zithunzi zomwe, akamazengereza pitani ku khonsolo. Musachite manyazi achimalawi aja oti tingaoneke ovuta. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha chuku cha m'nyumba imene makolo ake anadandaula kangapo, ndipo n'chifukwa chake pali lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza eni nyumba kukonza chuku ndi chinyezi msanga, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2025 pa nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba ku England.

5. Mbaula m'nyumba ayi

Ndikudziwa makala a braai amapezeka, ndikudziwa chimanga chootcha mwachisowa. Koma makala m'nyumba yotseka ngati izi ndi imfa, utsi wake wa carbon monoxide suoneka, sununkha, umangokugonetsa. Kuyatsa uvuni n'kusiya chitseko chake chotsegula kuti muothe nakonso ayi. Onani ngati pafupi ndi boyila pali alamu ya carbon monoxide, ku England landilodi ayenera kuika, dinani batani lake muone ngati ikulira. Mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo, musayatse kapena kuzimitsa switch iliyonse, tulukani muimbe 0800 111 999.

6. Tsekani mipata ya mphepo, koma yoyenera

Pansi pa chitseko chakunja ikani chitenje chakale chokulunga, kapena thirauzi yakutha mutaipakira nsanza m'mwendo. Kabowo ka makalata kamalowetsa mphepo kwambiri, kaikeni kabulashi kake. Makatani tsekani kukangoyamba mdima, koma asaphimbe rediyeta, apinyizireni pawindo. Makatani okhuthala mumawapeza motchipa m'ma charity shop, kaunjika wa kuno, komwenso mungagule majuzi ndi jekete. Timabowo ta m'khoma ndi ta pafupi ndi boyila tokha musatseke.

7. Kukhitchini ndi kochapa

Ketulo ya kuno ndi pafupifupi 3 kW, wiritsani madzi a kapu imene mukumwa osati odzaza ngati kukubwera maliro. Madzi a nsima yambani kuwiritsa mu ketulo kapena vundikirani poto. Nyemba ziviikeni usiku wonse, phikani zambiri kamodzi mu pressure cooker, gawani m'timabokosi muike mu firiza. Chapani pa 30, makina atadzaza, kupatula mayunifomu a ku care amene akuntchito anakuuzani kutentha kwake. Mababu akale akapsa ikani a LED. Ku shawa maminitsi anayi kapena asanu, nyimbo zonse za kwaya mukamalizire kuchipinda.

Mafuta okazingira musathire mu sinki, amaundana m'mapaipi kukazizira, azizire muthire m'botolo. Nkhoko nazonso zimatseka sinki, viikani poto, zikafewa kokolani muike ku zinyalala za chakudya. Kumapeto a Okutobala mudzaona maungu atadzaza m'mashopu chifukwa cha Halloween, anthu amawaboola maso n'kuwataya, pa 1 Novembala otsala amatsika mtengo. Amene sanabooledwe amadyeka, ndi amadzimadzi sangafanane ndi a kumudzi koma a supu amakwana, nthanga zake kazingani ndi mchere.

8. Mabini

Lamulo lalikulu ndi lakuti musatengere mtundu wa bini wa mzinda wina. Ku Leeds bini yobiriwira ndi ya zobwezeretsanso monga mapepala ndi zitini, ku Manchester yobiriwira ndi ya zotsala za chakudya ndi masamba, mapepala amapita mu yabuluu, mabotolo ndi zitini mu yabulauni. Ine nditasamuka ndinathira makatoni mu yobiriwira masabata awiri, mayi wina woyandikana nane n'kudzagogoda ndi kapepala ka khonsolo m'manja, mwaulemu wake uja woti umachita kumva kuwawa. Lowani pa webusaiti ya khonsolo yanu, lembani postcode, ikuuzani tsiku la bini iliyonse ndi zoikamo. Tulutsani usiku wake chifukwa galimoto imadutsa mbandakucha, chivundikiro chitsekeke, mukabweze bini tsiku lomwelo.

Zimene zimachititsa kuti bini ya zobwezeretsanso isiyidwe ndi izi nthawi zonse: matewera a ana, zotsala za chakudya, ndi kumanga zobwezeretsanso mu jumbo yakuda. Zithireni zosamanga. Zitini ndi mabotolo tsukuluzani ndi madzi otsala potsuka mbale, sizifuna sopo. Makatoni aphwanyeni ndipo asanyowe ndi mvula. Katoni ya pizza yonona mafuta ng'ambani, mbali youma yokha ndi imene ipite ku mapepala. Majumbo, mapepala a buledi ndi mapulasitiki ofewa makhonsolo ambiri satenga, koma masupamaketi akuluakulu ngati Tesco, Sainsbury's ndi Co-op ali ndi malo oponyamo pakhomo. Jumbo kuno ndi yogula, ku England siitsika 10p, nde yendani ndi chikwama chanu, ife amene tinaona nkhondo ya majumbo opyapyala kumudzi kuyambira 2015 izi sizachilendo.

Mabatire ndi ma vape asalowe mu bini iliyonse, akaphwanyidwa m'galimoto ya zinyalala amabuka moto, mashopu ogulitsa mabatire amakhala ndi kabokosi kake. Ngati anakupatsani kabini kakang'ono ka kukhitchini kamene amati caddy, ndi ka makoko a mbatata, mafupa, masamba a tiyi ndi mkute umene walephereka kudya. Matiresi, firiji kapena sofa yakutha musaisiye pakona ya msewu usiku, amati fly-tipping ndipo chindapusa chake n'chowawa, makamera ali paliponse. Itanani khonsolo idzatenge, kapena pitani nazo ku tip, kumtaya wa khonsolo kumene chilichonse chili ndi malo ake. Zimene zikadali zabwino ikani pa Facebook Marketplace kapena Freecycle, kapena sungirani wina amene akutera mwezi wamawa ndi sutikesi imodzi.

9. Masamba a pabwalo

Dzanja limayabwa kuti tisese tiunjike tiyatse ngati kumudzi. Masamba onyowa a kuno amangofuka utsi, aneba aimbira khonsolo. Ikani mu bini ya zakumunda, m'madera ena ndi yolipira pachaka, kapena apakireni m'matumba akuda, boolani timabowo, thirani madzi pang'ono muike kuseri, pakatha chaka kapena ziwiri ndi manyowa abwino a kadimba kanu ka mpiru ndi chibwabwa. Chotsaninso masamba amene atseka ngalande ya pakhomo mvula isanachuluke, madzi akaima pakhoma abwera m'nyumba ngati chinyezi.

10. Lamlungu lomaliza la Okutobala

Usiku umenewu nthawi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, 2 koloko imakhala 1 koloko, kusiyana ndi kumudzi kumakhala maola awiri m'malo mwa limodzi, muwauziretu amayi asamaimbe muli mtulo. Foni imasintha yokha koma timer ya boyila yakale siisintha, nde mukapanda kuikonza hita iziyaka ola lathunthu musanadzuke n'kuzima inu mukutuluka kubafa. Ikonzeni m'mawa wa Lamlungu lomwelo musanapite ku tchalitchi, mudinenso batani la alamu ya utsi, kenako jambulani mita.